Mikanda Yoyera ndi Lezala ya Ambuya

Moni amayi anzanga a m'chigwirizano, ndi inu nonse amene pepala ili lidzafika m'manja mwanu. Ndine Esnati, mkazi wa aDaka a ku Kabwata. Ambiri mumandidziwa kuti ndine uja amakhala pa benchi yakumbuyo, pafupi ndi zenera. Mwandipempha kangapo kuti ndiimirire kutsogolo ndinene zimene Mulungu anandichitira, koma ndikaimirira mawu amandithawa, ndiye ndaona kuti ndilembe. Ndinakhala m'banja zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu wopanda mwana. Ndinatenga pakati ndili ndi zaka makumi anayi ndi chimodzi, nditamwa mapiritsi a kuchipatala. Koma pakati pa mapiritsiwo ndi mwanayo panagwa maliro, ndipo nkhani yanga ili pamenepo.

Mayi anga anamwalira ndili ndi zaka zitatu, bambo sindinawadziwe. Anandilera ndi ambuya anga aTikambenji, amayi awo a mayi anga. Anachoka nane ku Katete dziko lisanalandire ufulu, n'kudzakhala kuno ku Lusaka, kumene ankatunga mikanda n'kumagulitsa pakhonde la sitolo ina ku Kamwala. Sanali munthu wa mawu. Tinkatha tsiku lonse m'chipinda chimodzi osakwanitsa mawu khumi. Ndinaphunzira kudziwa mtima wawo pa katsekedwe ka kachitini kawo ka fodya wa m'mphuno: akatseka pang'onopang'ono ndiye kuti kunja kuli bwino, akatseka mwamphamvu ndiye kuti ndikhale chete kuposa kale. Umo ndi momwe ndinakulira, munthu woyang'ana manja a anthu kusiyana ndi pakamwa pawo.

Nditakwatiwa, ambuya anabwera kudzakhala nafe. Ine ndinkagwira ntchito yolumikiza mafoni mu ofesi ina ya mumsewu wa Cairo, aDaka ankakonza makina otayipira. Tsiku lonse mawu a anthu ankadutsa m'makutu mwanga ngati madzi a mumpope. Nthawi zina ndisanachotse khutu ndinkamva wina akuuza mnzake kuti kunyumba kwabadwa mwana wamkazi, ndipo ndinkakhala nawo mawu amenewo mpaka madzulo, ngati ndi ine andiuza.

Msambo wanga unkabwera pamene wafunira. Nthawi zina miyezi itatu inkadutsa osaoneka, ine n'kuyamba kuyenda mosamala, n'kumayang'ana tizovala ta makanda m'masitolo a ku Kamwala. Kenaka unkabwera. Ndinamwa mizu yowawa imene anthu ankandibweretsera, ndinasala kudya, ndinapemphereredwa. Abale a aDaka anakamba zawo mpaka anatopa. Iwo aDaka sanandinenepo mawu oipa, koma ndinkawaona akaima pakhomo ana a anansi akamasewera mpira wa mapepala, momwe ankachedwera kulowa m'nyumba.

Zaka zonsezo ndinali ndi loto limodzi lobwerezabwereza. Ndinkayenda mumsewu wa Cairo muli zii, wopanda galimoto ngakhale imodzi, pansi ponse pali maluwa ofiirira a jakaranda. Kumsana ndinali nditamanga chitenje. Ndinkamva kufunda kwa mwana pakati pa mapewa anga, koma kulemera kunalibe. Ndikafuna kucheuka kuti ndimuone, khosi linkakana.

Chaka chimene ndinakwanitsa makumi anayi, mnzanga wa kuntchito anandiuza za dokotala wina wamkazi wa ku chipatala chachikulu, mmwenye wa imvi. Tinapita ndi aDaka, anatiyeza tonse awiri pa maulendo angapo. Pomaliza anandiuza kudzera mwa nesi kuti mazira ndili nawo, koma sakhwima n'kutuluka mwezi ndi mwezi monga zimakhalira kwa akazi ena. Anati alipo mapiritsi owadzutsa. Sanandinamize. Anati pa msinkhu wanga mwayi ndi wochepa, mwina angabwere mapasa, mwina sipabwera kanthu.

Inali nthawi ija tinkalawira pamizere ya sopo ndi mafuta ophikira, ndipo mankhwala ochokera kunja nawonso ankasowa. Dokotala anawerengera patebulo timapiritsi toyera khumi ndi tisanu, ta miyezi itatu. Anati ndi tokhato tilipo, ndipo sakudziwa kuti tina tidzabwera liti. Anandipatsanso mankhwala ena oitana msambo ukachedwa, ndi pepala la masiku. Tsiku loyamba la msambo ndiwerenge kuti limodzi. Kuyambira tsiku lachisanu ndimwe piritsi limodzi tsiku lililonse kwa masiku asanu. Ndidikire masiku ena asanu, kenaka kwa mlungu wathunthu ine ndi aDaka tisatalikirane. Mlungu umenewo ukadutsa pachabe, mapiritsi a mwezi umenewo apita pachabe.

Kunyumba ndinabisa pepalalo m'Baibulo, koma ambuya anamva kukhwekhwereza kwake. Maso awo anali atachita khungu loyera, makutu okha ndiwo anali akuthwa.

"Chikuti chiyani chipepalacho?"

Ndinawawerengera ndi manyazi, popeza si nkhani zokamba ndi munthu amene anakulera. Anatseka kachitini kawo pang'onopang'ono.

Amayi a kwathu kummawa mukudziwa zimene tinalangizidwa kuchinamwali: mkazi akapita kumwezi amaika mkanda wofiira pamene mwamuna auone, akatha amaika woyera, ndipo m'nyumba simukhala kufunsana. M'mawa mwake ndinapeza ambuya atakhala padzuwa, mbale zawo zakale za mikanda zili pamwendo. Ankadziwa mtundu uliwonse ndi mbale yake. Anatunga chingwe chimodzi: wofiira umodzi poyambira, yakuda itatu, yachikasu isanu ya mapiritsi, yakuda inanso isanu, ndi yoyera isanu ndi iwiri. Anabaya kapini ka thewera pafupi ndi wofiira uja.

"Pepala limanyowa," anatero. Ndi zokhazo zimene ananena.

Chingwecho tinachikoleka pa msomali kuseri kwa chitseko cha kuchipinda kwathu. M'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito ambuya ankabwera akupapasa khoma, n'kusuntha kapini ndi mkanda umodzi. Ine sindinkakhudza, inali ntchito yawo. ADaka ankangosuzumira kuseri kwa chitseko povala jekete.

Mapiritsi aja ankanditenthetsa thupi mwadzidzidzi, ngati wina watsegula chitseko cha uvuni pamaso panga. Mutu unkapepuka. Ndinkayenda kupita kokwerera basi ngati ndikuyenda pansi pa madzi, mawu a anthu akumveka patali. Mwezi woyamba unatha, wofiira unabwerera. Wachiwiri chimodzimodzi. Ndinalira pampope kuseri kwa nyumba, madzi ndili nditatsegula kuti anansi asamve. M'kabotolo munatsala timapiritsi tisanu.

Mwezi wachitatu unafika nthawi yotentha, jakaranda atayamba kugwetsa maluwa. Ambuya anali atafooka. Miyendo inatupa, chakudya ankangolawa. Tsiku limene ndinamwa piritsi loyamba la tisanu tomaliza, anandituma lezala yatsopano. Malezala nawo ankasowa, ndinayenda masitolo anayi ku Kamwala ndisanaipeze. Ndinkaganiza kuti akufuna ndiwawenge zikhadabo, koma atailandira anaimanga pa mfundo ya mpango wawo osaitsegula.

Lachisanu la mlungu umenewo amayi a chigwirizano anabwera kudzawaona. Atatha kuimba ndi kupemphera onse anatuluka, anatsalira Amayi Sakala okha, mkulu wathu wa nthawi imeneyo, mayi wamasiye wa ku Woodlands, wamtali, wa mawu aakulu. Ine ndinali panja ndikutsuka makapu. Pazenera ndinaona ambuya atawagwira dzanja, akuwanong'oneza nthawi yaitali kuposa imene ndinawaonapo akukamba ndi munthu. Ndinaona kanthu kakuchoka m'dzanja lina kupita m'dzanja lina. Ndinati mumtima ndi chopereka chawo cha kumpingo.

Ndinamaliza mikanda yachikasu. M'mawa wotsatira ambuya anadzikoka ndi khoma mpaka kuchitseko kwathu, anasuntha kapini kufika pa wakuda woyamba, zala zawo n'kupitirira kupapasa kutsogolo, kuwerenga yotsalayo mpaka kumapeto. Anabwerera pamphasa pawo. Pamene ndinkawabweretsera phala, dzuwa litalowa pazenera mpaka pamapazi awo, ndinapeza atapita.

Mukudziwa mmene maliro amadzazira nyumba za ku Kabwata. Mipando ndi bedi zinatulutsidwa panja, azimayi anadzaza zipinda zonse ziwiri, azibambo anakhala pansi pa tenti. Uthenga unaulutsidwa pa wailesi kuti ufike ku Katete kwa aPhiri, mlongo wawo wa ambuya, amene anali mwini mbumba. Amayi aang'ono aLufina, mng'ono wawo wa malemu mayi anga, anabwera kuchokera ku Chunga n'kutenga udindo wa m'nyumba. Ine ndinakhala pakona, kumutu kwa mphasa imene ambuya ankagonapo. Anthu ankalowa akulira, kutuluka, kulowa ena. Nyimbo zinkamveka ngati zikuchokera kutsidya la mtsinje. Chingwe cha mikanda ndinachibisa m'kamisolo, ndipo m'mawa uliwonse ndinkachikhudza ndi chala pansi pa chitenje, koma kapini sindinakasunthe.

Tinaika maliro ku Chingwere tsiku lachinayi. Pobwera kumanda tinapeza uthenga umene kondakitala wa basi ya kummawa anasiya. APhiri anali ndi bala pamwendo, akanatha kubwera patapita milungu iwiri. Anati kuika ikani, koma kumeta mundidikire.

Ana a masiku ano mwina simudziwa kulemera kwa mawu amenewo. Kwathu, maliro asanametedwe, mwamuna ndi mkazi a banja lofedwa sayandikizana. Amati mukalakwira, ana ndi okalamba amene adya nanu pamalirowo amatupa n'kudwala mdulo. Ndine Mkhristu kuyambira ubwana, koma sindinama, ndinkaopa. ADaka nawonso ankaopa. Ndipo ngakhale tikanapanda kuopa, nyumba inali yodzaza ndi abale amene anati sachoka mpaka kumeta. Wakuda unatsala umodzi. Milungu iwiri ya aPhiri ikanameza mikanda yonse yoyera, ndipo m'kabotolo munalibe kanthu.

Masana amenewo aDaka anandipeza pampope. Anasamba m'manja nthawi yaitali, akuyang'ana madzi.

"Esnati, zilibe kanthu," anatero chapansipansi. "Takhala awili zaka zonse izi. Tizakhala chabe."

Ndinali nditataya munthu yekhayo amene anandidziwa ndili mwana, ndipo tsopano ndinkaona kuti pochoka watenganso ndi mwana wanga. Ndinachita manyazi ndi ganizo limenelo, koma linalipo. Atachoka aDaka ndinagwada pa simenti yonyowa ngati ndikuchapa. Pemphero langa silinali lokongola. Ndinati, Ambuye, ndilibe pakamwa pokanira akuluakulu, simunandipatse. Ngati mwanayu alipo, munditumizire munthu wa pakamwa.

Kutacha, azimayi akumwa tiyi, Amayi Sakala analowa atavala yunifomu yawo yonse. Sanakhale pansi. Anaima pakati pa chipinda n'kupempha kuti aitane azibambo a banja afike pakhomo.

"Ba Lufina, tumizani madzi na sopo. Timeta lelo."

Amayi aang'ono anaika kapu pansi. "Mwamva uthenga wa aPhiri. Ife sitingadumphe mwini mbumba. Komanso inu a mpingo, zometa munayamba liti?"

"Ine sinimeta munthu, nili chabe na katundu wa eni ake." Anamasula mfundo ya mpango wawo, n'kukweza lezala ili m'kapepala kake kosatsegula. Ndinaizindikira. Inali ija ndinayendera masitolo anayi. "Iyi ananipatsa ni amene tasiya ku Chingwele dzulo. Anati, ine nikapita, kukacha pambuyo poniika mumete. Mlongo wanga azachedwa, anachedwa na pa ukwati wake womwe, musamulindile. Anati mwana wanga ali na ulendo, musamuchedwetse. Manje imwe muniuze, mwini malilo ni ndani, wa ku Katete kapena wamene wagona?"

Wina mwa azimayi okalamba anaseka pang'ono pa za ukwati zija, n'kudzigwira pakamwa. Amayi aang'ono anatenga lezala ija, anaitembenuza uku ndi uku. Anayang'ana mfundo ya ulusi wofiira imene inamangidwa pa kapepalako, mfundo ya anthu otunga mikanda.

"Kamangidwe aka n'ka amama," anatero, misozi ikutsika. Kenaka anandiyang'ana. "Ulendo wanji umene uli nawo iwe?"

"Wafunsa zambili," anayankha Amayi Sakala ine ndisanatsegule pakamwa. "Madzi aja ali kuti?"

Anatimeta pabwalo, pansi pa mtengo wa mapeyala. Anayambira amayi aang'ono, kenaka ine. Lezala inali yozizira pamutu. Ndinkaona tsitsi langa likugwera pa chitenje, lina lakuda, lina la imvi zimene sindinkadziwa kuti ndili nazo, ndipo ndinakumbukira zala zija zikupapasa mikanda mpaka kumapeto. Moyo wanga wonse ndinkayesa kuti m'nyumba mwathu woyang'ana ndine. Sindinadziwe kuti munthu wosaona uja ankandiwerengera masiku, ndi kuti anawerengeramo ndi imfa yake yomwe.

Abale ambiri anati akhalabe mpaka aPhiri afike, ndipo nyumba inali yodzazabe. Madzulo ake dzuwa lisanalowe Amayi Sakala anaitana aDaka, n'kuwapatsa kiyi pamaso pa onse.

"Ba Daka, ine nikhala kuno na ofedwa mulungu wonse. Koma kwanga ku Woodlands kulibe munthu, akawalala azanimaliza. Mupite mukanisungile nyumba. Mutenge na akazi anu, imwe amuna simuziwa kuthilila maluwa."

ADaka analandira kiyi ndi manja awiri, maso ali pansi. Palibe anaseka, koma ndinaona amayi aang'ono akuyang'ana kumbali, akukonza mpango umene unali wokonzeka kale.

Za mlungu umenewo ndinena zochepa. Nyumba ya Amayi Sakala inali ndi jakaranda wamkulu pakhomo, ndipo m'mawa uliwonse bwalo linkadzuka lili lofiirira. Kunali chete amene sindinamumvepo chibadwire, wopanda wailesi ya anansi, wopanda mafoni. Mphepo inkandikhudza pamutu pometedwa. Ndinkalira ambuya masana, n'kuthirira maluwa madzulo, aDaka akundinyamulira ndowa. Tinkakamba ngati anthu ongodziwana kumene. M'mawa woyamba ndinakoleka chingwe chija kuseri kwa chitseko cha eni ake, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinasuntha kapini ndi dzanja langa, kudumpha yakuda yonse kufika pa woyera. Ndikusesa maluwa aja tsiku lina ndinaima ndi tsache m'manja, chifukwa ndinaona kuti ndaponda pamalo pamene ndinkaponda m'maloto.

APhiri anafika patapita milungu itatu, osati iwiri. Anakwiya atapeza mitu yathu itayamba kale kumera. Atauzidwa mawu a mlongo wawo anati, "Ndi iyeyo. Za ukwati zija sanaiwale." Anapempha lezala yomweyo, n'kumetedwa okha pansi pa mpeyala.

Wofiira sunabwerere. Sindinauze munthu, chifukwa thupi langa linali litandinamiza kambiri. Ndinadikira milungu isanu ndi umodzi ndisanapite kuchipatala. Dokotala uja atandiyeza anavula magalasi ake n'kunena mawu amene nesi sanafunikire kumasulira. Miyezi yotsatira sinali yophweka. Miyendo inatupa, magazi ankathamanga, ndipo mwezi womaliza ndinaugonera m'chipatala. Anabadwa pochita opaleshoni, nthawi yozizira, mwana wamkazi mmodzi. Tsiku limene ndinayamba kumubereka kumsana ndinacheuka, khosi linalola, ndipo anali wolemera.

Tinamutcha Tikambenji, dzina la ambuya. Tsopano ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo amayankhula mawu onse amene ine ndi ambuya tinasunga. Amene mumakhala pafupi nafe m'tchalitchi mukudziwa.

Ndikuthokoza Mulungu amene anayankha pemphero langa ndisanalipemphere, pakuti lezala ija inagulidwa masiku asanu ndi atatu ndisanagwade pampope paja. Ndikuthokoza chifukwa cha dokotala amene anandiuza zoona, chifukwa cha aDaka amene anadikira nane, ndi chifukwa cha Amayi Sakala, amene anabwereketsa pakamwa pawo kwa munthu wakufa ndi kwa munthu wosayankhula.

Kwa iwe mlongo wanga amene ukudikirabe, amene zaka zikukuthawa, ndili ndi mawu ochepa. Pita kuchipatala, ndipo upite ndi amuna ako. Usamwe mapiritsi obwereka kwa mnzako, ali ndi masiku ake ndiponso zoopsa zake, afunika dokotala akuyang'anire. Sindingakulonjeze kuti zidzakuthera ngati ine. Pamzere wa kwa dokotala uja tinalipo angapo, ndipo ena ndimakumana nawo mpaka lero ali okha. Sindidziwa chifukwa chake, ndipo sindiyesa kuti ndinawaposa kupemphera. Chimene ndikudziwa n'chakuti pa masiku amene ndinkayesa kuti palibe akundiona, wina anali akundiwerengera. Usaleke kupemphera, ngakhale pemphero lako likhale losakongola ngati langa.

Chingwe chija ndikadali nacho, ndi kapini kake. Ngati ulibe munthu wowerenga naye masiku, bwera Lamlungu pa benchi yakumbuyo, pafupi ndi zenera. Sindidzakufunsa kanthu. Ndidzangokusunthira malo.

Mtendere wa Ambuye ukhale m'nyumba zanu, zodzaza ndi zachete zomwe.